Chitseko cha Mlombwa

Lolemba

Mbuzi ya apongozi yalowanso m'nyumba. Yadutsira pansi pa chitseko, paja chiswe chinadyapo mpata woti ngakhale galu amalowa osawerama. Yadya nsawa za mbewu za mkazi wanga Naphiri, yalawa sopo, yatuluka ikutafuna pang'onopang'ono ngati mlendo woitanidwa.

Kuimenya sindingathe. Ndine mkamwini pamudzi pano. Malo ndi a kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi, mbuzi ndi ya kuchikazi. Zanga ndi njinga, wailesi ndi satifiketi ya Giredi 12.

Naphiri walamula ali chiimire, thumba lobooka lili m'manja: "Likafika Lamulungu chitseko palibe, ndiitana achimwene adzakhome lata."

Achimwene akewo ndi mlamu wanga Lazalo. Lazalo akakukhomera msomali umodzi, nkhani yake imamveka pamowa, pamaliro, pamjigo, mpaka ku Zemba. Anandilumikizira tcheni cha njinga kalekale, koma mpaka lero akandiona ndikupalasa amafunsa, "Ikuyenda bwanji njinga yathu, alamu?" Akakhoma chitseko cha nyumba yanga, ndiye kuti ndizilowa m'nyumba yathu, kugona pamphasa yathu. Ayi. Chitseko ndipanga ndekha.

Ndiye taonani mwayi! Mphepo ya mvula yoyamba yagwetsa khitchini yakale ya amalume ake a Naphiri. Amalume Yotamu, eni mbumba, kulibe. Ali ku Pembamoyo kwa mwana wawo, akuonetsa maso ku kiliniki. Apongozi, omwe ndi mlongo wawo, andikuwira ali kuseri kwa nkhokwe, nkhope atalozetsa kuphiri, pakuti ine ndi iwo sitiyang'anana: "Auzeni akamwini achotse zinyalala zili apozo! Zomwe angafune atenge!"

Ndayankha ndikuyang'ana mtengo wa mango: "Auzeni ndamva!"

Panalibe wina woti auze wina. Tinalipo awiri basi.

Pansi pa udzu ndi mapaso othyoka ndapeza mtolo wokulungidwa m'masaka, womangidwa ndi waya. M'kati mwake:

- matabwa asanu ndi limodzi, ataliatali kuposa msinkhu wanga, akuda bii ndi mwaye
- kachitini ka misomali yatsopano, yopanda dzimbiri
- nsalu yoyera yopindidwa bwinobwino m'pulasitiki

Ndi misomali yomwe! Kunangosowa kuti mmisiri akhale momwemo.

Naphiri watenga nsalu, akuti isanduka katani ya pazenera. Kwa kanthawi waiwala za nsawa.

Chatsala ndi chimodzi: kudziwa mtundu wa mtengowu. Ngati ndi mlombwa kapena mbawa, chitseko chidzaona adzukulu. Ngati ndi malaina kapena paini, ndiye kuti ndikuphikira chiswe phwando lachiwiri, ndipo Lazalo adzaseka kawiri.

Umboni wa lero: matabwawa akhala kudenga zaka zosadziwika, chiswe osalawako. Mtengo wamba sungatero. Mtima ukuti mlombwa.

Dongosolo la sabata:

- Lachiwiri, kudziwa mtengo
- Lachitatu, kupala
- Lachinayi, kudula ndi kukhoma
- Lachisanu, mahinjesi
- Loweruka, kukhala pakhonde, kumatsegula ndi kutseka Lazalo akamadutsa

Lachiwiri

Ndabwereka puleni ndi sowo kwa akatekisiti. Andipatsa ndi malangizo omwe, amene sindinabwereke.

Ndapala thabwa limodzi pang'ono. Pansi pa mwaye patuluka poyera. Mlombwa umakhala wofiirira. Ndakhala kaye pansi.

Kenako ndakumbukira zomwe tinaphunzira: mlombwa uli ndi mnofu woyera kunja, wofiira uli kumtima. Ndiye kuti ndikadali kunja. Ndapalanso. Poyera. Ndapalanso. Poyera mbee. Ndasiya ndisanatulukire mbali inayo.

Masana. Abwera a Zuze, aneba athu, aja anachoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika kuno. Amva kulira kwa puleni. Akuti kwawo mtengo saudziwa ndi maso, amaudziwa ndi mphuno. Atseka maso, anunkhiza nthawi yaitali.

"Nsomba zouma," atero. Anunkhizanso. "Ndi fodya pang'ono."

Ndawakumbutsa kuti matabwawa achokera m'khitchini. Akuti ndiye tidule kansonga, fungo lenileni limabisala m'kati. Tadula.

"Umbila uwu!" Akuti ndi momwe amautchulira mlombwa kwawo. Ndatsala pang'ono kuwakumbatira.

Tadula nsonga ya thabwa lachiwiri kuti titsimikize. "Chanfuta." Ameneyo ndi mtengo wina.

Thabwa lachitatu: "Uwu dzina ndaiwala, koma unali kuseri kwa nyumba ya malemu bambo anga." Maso awo alengeza misozi. Tasiya sayansi, tamwa thobwa.

Phunziro la lero: mphuno ya a Zuze imanunkhiza kwawo, osati matabwa anga.

Madzulo. Ndapanga kafukufuku wangawanga, wopanda womuuza. Ndakakwirira kachidutswa kopyapyala pachulu cha kuseri kwa khola. Chiswe sichinama, sichidziwa chibale, sichimwa thobwa. Chikakasiya, ndi mlombwa. Ndikakaona kumapeto kwa sabata.

Lazalo wadutsa. Waima, wayang'ana utuchi, wayang'ana ine. "Alamu, lata lilipo kwathu. Langokhala phee, likudikira."

Munthu wogwira mlombwa sayankha munthu wa lata.

Mbuzi yalowa. Yadya kandulo.

Lachitatu

Kupala kwaimitsidwa kaye. Sindingapitirize kupala chinthu chomwe sindikuchidziwa dzina.

Ndamangirira thabwa limodzi panjinga, ulendo wa ku Mlolo kwa a Tembo, mmisiri wa matabwa. Thabwa lalitali panjinga limakusandutsa lole. Pokhota ndabalalitsa nkhuku, ndatsala pang'ono kugwetsa mayi wosenza ndowa.

Ndiye anthu a m'njira! Aliyense akuima, kuvula chipewa, kufunsa motsitsa mawu, "Kwagwanji, bambo?" Gogo wina wayamba kale kugwira m'mutu. Anthu a kuno akangoona thabwa panjinga amaganiza maliro. Ndawauza kuti ndi chitseko. Ena aoneka ngati akhumudwa.

A Tembo alikanda thabwa ndi chikhadabo, aligogoda, alinyamula, aliluma. Aliluma ndithu!

"Mbawa iyi. Koma inakulira pamthunzi, n'chifukwa chake yayera."

Bambo wina amene anabwera kudzatenga mpini wa khasu walowererapo osafunsidwa: "Bulugamu ameneyo."

A Tembo akuti ndilisiye alifufuze modekha, ine ndikadye kaye zitumbuwa pamsika. Ndapita. Pobwera ndapeza thabwa langa lili zidutswa zinayi zofanana ndendende, ndipo pambali pali benchi ya munthu yomwe m'mawa inalibe miyendo.

"Mtengo umadziwika ukadulidwa mopingasa," atero.

Ndawafunsa, "Ndiye mwapeza kuti ndi mtengo wanji?"

"Ndi wabwino."

Akuti zidutswazo pachitseko zilibenso ntchito, ndiye andithandiza pondisungira. Ndabwerera ndi njinga yopepuka. Pobwerera palibe wandivulira chipewa.

Matabwa atsala asanu. Chitseko chimafuna anayi, lachisanu la mitanda ya kumbuyo. Tikadali bwino!

Chakumadzulo. Abwera a Mwanza, aphunzitsi a sayansi a pasukulu yathu, ndi foni yawo yomwe akuti imadziwa mitengo yonse ya padziko. Ajambula mbali yakuda ija. Takwera pachulu chachikulu cha kumsewu kukafuna netiweki, aphunzitsi mkono uli m'mwamba ngati akulumbira. Foni yaganiza, yaganiza. Yati ndi buledi wopserera.

Tajambula mbali yopala. Yati ndi khoma.

Aphunzitsi akuti foni ndi ya ana, sayansi yeniyeni ndi madzi. Mtengo wolimba umamira, wofewa umayandama, ndipo mlombwa ukanyowa umafiiritsa madzi. Tadulanso chidutswa china, taponya mumgolo wa pakhonde. Chayandama ngati bakha.

"Chauma kwambiri," atero. "Chigone momwemo."

Mavoti mpaka pano:

- mlombwa: a Zuze, ndi mtima wanga
- chanfuta: a Zuze omwewo
- mbawa ya pamthunzi: a Tembo
- bulugamu: bambo wa mpini
- buledi: foni

Chomwe ndaona n'chakuti aliyense wodziwa mitengo amayamba ndi mawu akuti "tidule pang'ono".

Naphiri wasoka katani, waipachika. Yakongola, sindinama. Akuti nyumba yayamba kuoneka ngati ya anesi, kungoti ya anesi imakhala ndi chitseko.

Lachinayi

Madzi a mumgolo afiira!

Ndaitana Naphiri adzaone. Akuti mgolowo umafiiritsa madzi masiku onse, ndi dzimbiri, iye ndiye amatungamo. Nsanje basi. Ndatumiza uthenga kwa aphunzitsi: afiira.

Kulakwa kwake ndi kumeneko. Aphunzitsi auza anzawo kusukulu, anzawo auza akazi awo, akazi awo apita kumjigo. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse ukudziwa kuti mkamwini wa kwa Naphiri ali ndi mukula. Mukula, mtengo wofiira uja umene umakweretsa anthu galimoto ya apolisi!

Nkhani ikukula ngati dzungu. M'mawa ndinali ndi matabwa asanu. Masana ndili ndi ngolo yodzaza. Panopa akuti ndili ndi lole yobisa kudambo ndiponso wogula wa kunja kwa dziko amene amandiimbira foni m'Chingerezi.

Alendo a lero:

- mwamuna wa njinga yamoto ndi magalasi akuda, akufuna "tikambirane paseri, bwana"
- amayi awiri a kumpingo, kudzandikumbutsa kuti tchalitchi chikusowa mabenchi
- msuweni wa Naphiri yemwe sindinamuonepo chikwatirire, akuti khitchini ija anamanga ndi bambo ake
- Lazalo: "Alamu, akakutengani musade nkhawa. Njinga yathu ndisunga ine."

Naphiri wasiya kuseka. Akuti iye sanazolowere zonyamula chakudya kupita nacho ku Boma kwa akaidi, ndiye ndichitepo kanthu.

Ndachitapo. Ndasenza thabwa, ndapita nalo pansi pa mtengo pomwe amuna amasewera nsolo, pafupi ndi mjigo kuti ndi amayi omwe amve. Ndaliimika. Ndakhosomola.

"Aliyense amve! Uwu si mukula. Ndi mlombwa! Mlombwa weniweni, wakalekale, wa kumtima kokhakokha, umene masiku ano simungaupeze m'Chadiza muno. Ndafufuza mwa sayansi: ndi mphuno, ndi mano, ndi madzi. Amene akutsutsa abwere kuno."

Palibe wabwera. A Zuze akuti, "Ndinanena ine." Aphunzitsi agwedeza mutu ngati akupereka malikisi. Kuseri kwa mpanda kwamveka mawu a apongozi: "Auzeni akamwini tamva."

Anthu amwazikana ali okhumudwa. Mlombwa sumangitsa munthu, ndiye palibe chokoma. Wa njinga yamoto wazimiririka, msuweni wakumbukira kuti kwawo n'kutali.

Poyamba kulankhula ndinali kukhulupirira theka. Pomaliza ndinadzikopa ndekha. Ndili ndi mphatso, ikungowonongeka pamudzi pano.

Madzulo. Ntchito tsopano! Ndayeza khomo ndi chingwe. Khomo lathu ndi lalifupi, aliyense amawerama polowa kupatula Naphiri ndi mbuzi. Ndadula matabwa anayi molingana ndi chingwecho, lachisanu ndaliduladula kukhala mitanda. Zotsalira Naphiri wasonkhezera pamoto, zayaka msangamsanga ngati mapesi.

Sowo ikulowa ngati ikudula papaya. Kodi mlombwa ukakalamba umafewa? Sindifunsa munthu. Ndatopa ndi anthu odziwa.

Lachisanu

Chitseko chakhomedwa!

Misomali ya m'kachitini yakwanira bwinobwino, ngati munthu anachita kuiwerengera ntchito. Chapendekeka pang'ono kudzanja lamanja, koma nyumbanso inapendekeka mbali yomweyo, ndiye zigwirizana. Ndachitsamiritsa pakhoma moyang'ana njira kuti odutsa aone. Mahinjesi ndichotsa pachitseko chakale ndikatha kudya.

Lazalo wadutsa, wachigogoda, wapitirira. Lazalo kusowa chonena! Tsiku limeneli ndilikumbukire.

Masana. Amalume Yotamu abwera.

Atsika minibasi kumsewu, ayenda ndi ndodo yawo mpaka kuno. Amalume ndi munthu wamtali kuposa aliyense pamudzi pano, amathyola mango osadumpha. Avala magalasi atsopano a ku kiliniki. Akuona bwino tsopano. Tsoka langa.

Aima pomwe panali khitchini yawo. Atokosa phulusa ndi ndodo. Atokosanso. Ayang'ana kumwamba komwe kunali denga. Kenako ayamba kubwera kwathu, osafulumira.

Naphiri wagwada kuwalonjera. Iwo akuyang'ana zenera.

"Iwe Naphiri, nsalu yodzandikulungira ine ikutani pazenera pako?"

Ngakhale mbuzi yasiya kutafuna.

Ndiye nkhani yake ndi iyi. Matabwa aja ndi bokosi lawo la maliro. Anawagula kalekale atagulitsa thonje, kuti tsiku lawo likadzafika mbumba isadzathamangethamange, kapena kuzula chitseko cha munthu n'kupangira bokosi monga zimachitikira zinthu zikavuta. Sanauze aliyense, akuti akazi a pamudzi pano akanayamba kulira nthawi isanakwane. Anawabisa kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzithamangitsa chiswe.

Utsi. Chomwe chinkaletsa chiswe ndi utsi.

Iwo anasunga matabwa kuti anthu asadzazule chitseko kupangira bokosi. Ine ndazula bokosi kupangira chitseko.

Naphiri wakuwa, wathothola katani ndi misomali yake yomwe, waiponya pampando, wasamba m'manja, wasambanso. Akuti n'chifukwa chake dzulo analota akukolola nsawa atavala zoyera, maloto a maliro. Dzulo sananene.

Kuseri kwa nkhokwe: "Auzeni akamwini ine ndinati zinyalala!"

Ndayang'ana mtengo wa mango. Palibe chomwe ndapeza choti auzidwe.

Amalume sanakalipe. Bola akanakalipa. Apempha kuti chitseko tichigoneke pansi. Avula jekete, avula nsapato, apatsa Naphiri magalasi kuti agwire. Agona chagada pachitseko changa, manja apinda pachifuwa, maso atseka. Mutu wakwana. Msana wakwana. Miyendo, kuyambira m'munsi mwa mawondo, ili panja, zala zikuloza kumwamba.

Atsegula diso limodzi. "Akamwini, mwati miyendoyi idzabwera paulendo wachiwiri?"

Lazalo wagwira mtengo wa mango kuti asagwe ndi kuseka. Akulira misozi yeniyeni. Amayi a kumjigo afika ndi ndowa zawo pamutu, aona amalume ali gone pathabwa, mmodzi wayamba kale nyimbo ya maliro. Amalume adzuka, mayiyo wataya ndowa.

"Tikamba mawa," atero, akuvala nsapato.

Mahinjesi sindinachotse.

Loweruka

Lero ndi tsiku lomwe ndinati ndizikhala pakhonde, kumatsegula ndi kutseka.

Takhala pansi pa mango. Amalume pampando wanga, umodzi womwewo. Ine pansi. Ndimayesa ndi nkhani ya pabanja, koma pabwera a Zuze, aphunzitsi, akatekisiti kudzalondola puleni yawo, amuna onse a pansolo ndi theka la mjigo. Apongozi kuseri kwa mpanda.

Nzeru yanga inali yophweka. Kupepesa, kulonjeza matabwa ena a malaina, omwe amapezeka paliponse, nkhani n'kutha. Chifukwa tsopano ndikudziwa. Loyera, lopepuka, loyandama, lofewa ngati papaya, loyaka ngati mapesi. Malaina. Mwana wa Giredi 3 akanadziwa Lachiwiri lomwe lija.

Ndiye ndafunsa mwaulemu, manja ndikuwomba, funso lomwe ndafunsa dziko lonse sabata ino kupatula mwini wake: "Kodi amalume, matabwa amenewa anali a mtengo wanji?"

Apukuta magalasi nthawi yaitali.

"Ine ndakalamba, ndaiwala. Ndinangogula kwa munthu wina wa ngolo. Koma ndamva kuti akamwini afufuza mwa sayansi." Atembenukira kugulu. "Anati ndi chiyani?"

Gulu lonse ngati kwaya: "Mlombwa!"

"Wotani?"

"Weniweni! Wa kumtima kokhakokha!"

A Zuze: "Umbila. Ndinanunkhiza ndekha."

Aphunzitsi: "Madzi anafiira."

Ndayang'ana Naphiri, mboni yanga ya dzimbiri. Naphiri akuyang'ana zikhadabo zake. Amalume ndi amalume, mwamuna ndi wobwera.

Ndayesa kubweza mawu. Ndanena za kuyandama, za kuyera, za sowo. Ndanena kuti sayansi imasintha. Amalume akweza dzanja: "Musadzichepetse, akamwini. Giredi 12 si masewera."

Chigamulo:

- matabwa asanu ndi limodzi a mlombwa weniweni, wa kumtima, msinkhu wa amalume ndi kampata ka nsapato
- nsalu yoyera yatsopano, yosaonapo zenera
- misomali yatsopano, m'kachitini komweko
- tambala mmodzi wopepesera, osati wokalamba uja

Mlombwa! Umene ndinalengeza ndi pakamwa panga kuti m'Chadiza muno simungaupeze.

Ndafunsa kuti zifike liti. "Ine sindikufulumira," atero. "Ndidikira. Popanda bokosi sindingafe, ndingachititse mbumba manyazi."

Anthu awomba m'manja. Sindikudziwa akuwombera chiyani.

Tsopano chitseko. Chilipo, chathunthu, chongofuna mahinjesi. Ndanena monong'ona kuti popeza ndilipira, ndiye kuti ndi changa, tingochiika.

Naphiri: "Chimenecho chikaima pakhomo panga, ine ndikagona kwa amayi. Muzitsekeredwa nokha m'bokosimo."

Ndati nanga pakhola? Kuseri kwa mpanda: "Auzeni akamwini mbuzi zanga sizinalakwe kanthu!"

Amayi a kumpingo akuti tchalitchi chapeza kale mabenchi. Chapeza liti?

Ndafuna kuwauza amalume kuti gawo lina la bokosi lawo ndi miyendo ya benchi ku Mlolo, anthu akukhalira. Ndaona kuti si lero.

Madzulo ano ndakumbukira chulu! Kachidutswa kanga ka Lachiwiri! Ngati chiswe chakadya, ndiye umboni kuti si mlombwa, ndipo chiswe ndi mboni yomwe amalume sangaitembenuze. Ndikafukula mawa kukacha.

Lachiwiri ndimapempha kuti chiswe chisadye. Lero ndikupempha kuti chikhale ndi njala.

Lamulungu

Chadya.

Chadya chonse. Sichinasiye ngakhale kakhungu koti munthu aloze. Patsala kachikombole ka dothi, kofanana ndendende ndi kachidutswa kaja, m'kati mopanda kanthu. Ndakanyamula ndi manja awiri ngati dzira, ulendo kwa amalume. Pofika pakhomo pawo kanali katafumbutuka.

Avala magalasi, aweramira m'manja mwanga, ayang'anitsitsa.

"Ndikuona dothi, akamwini."

Lazalo, yemwe amapezeka paliponse pomwe sindikumufuna: "Mwina ndi dothi la mlombwa."

Mboni yanga yokhayo yoona yadya umboni.

Titaweruka kutchalitchi Lazalo wabwera ndi lata, hamala ndi anthu oonerera. Walikhomera pamitengo iwiri ya bulugamu, wamangirira mahinjesi anga omwe aja. Wagwira ntchito akuimba mluzu. Ine andipatsa ntchito yogwira misomali.

Chitseko cha lata chimalira ngati nkhumba ikamagwidwa. Ukatsegula mudzi wonse umadziwa kuti watuluka. Koma chikutsekeka. Choipa kwambiri n'chimenecho: chikutsekeka bwino. Mbuzi yabwera, yanunkhiza pansi, yagunda ndi mutu, yalephera. Yandiyang'ana ngati ndaiswera pangano. Nsawa zotsala zapulumuka, Naphiri akuimba.

Pochoka Lazalo wachisisita. "Muzichisamala chitseko chathu, alamu."

Zomwe ndatsala nazo:

- utuchi
- chala chotupa
- njinga yathu, chitseko chathu
- dzina latsopano: ana a sukulu akundiitana "aMlombwa"

A Zuze akuti ndisadandaule, kuseri kwa nyumba ya malemu bambo awo kuli mtengo wa umbila waukulu, tikhoza kupita limodzi. Akuti kungoti sakudziwa ngati nyumbayo ikadalipo, kapena mudziwo.

Chitseko changa chapeza mwini. Amalume atuma anthu achinyamule, achiika panjerwa pansi pa mthunzi pakhomo pawo. Akugonapo masana, miyendo ili lende, akuti akuzolowera. Chigonereni pamenepo akuoneka athanzi kuposa kale. Tambala uja amumaliza okha. Afunsa za mbewu ya thonje, akuti chaka chino alima munda wonse. Afunsanso ngati mayi wamasiye wa ku Zemba uja anakwatiwa.

Ndikudutsa andiitana osadzuka: "Akamwini! Za matabwa zija musathamange nazo. Ine ndikumva bwino."

Ndi malaina. Ndalemba muno basi, sindiuzanso munthu.

Kutchalitchi lero, nthawi ya mapemphero a odwala ndi okalamba, ndawatchula amalume Yotamu mokweza, kuti Mulungu awapatse moyo wautali, wautali kwambiri. Anthu atembenuka kundiyang'ana, ena agwedeza mitu, akuti mkamwini wachikondi. Chibadwire sindinapempherepo chinthu ndi mtima wonse chonchi.